Chizungulire chobwera potembenuka pogona: lipoti la mayi wa zaka 62

Mayi amene tikunena m'lipotili ali ndi zaka 62, ndi mlimi wa chimanga ndi mtedza, ndipo akulera zidzukulu ziwiri. Dzina lawo ndi mudzi wawo tazisiya dala. Analowa m'chipinda chopimira mwana wawo wamkazi atawagwira mkono, akuyenda ngati munthu wosenza ndowa yodzadza, khosi lili nganganga. Akaitanidwa cham'mbali ankatembenuka thupi lonse, mutu osaupotoza. Munthu amene waphunzira kuti kugwedeza mutu kumamuputira mavuto amayenda chomwecho. Dandaulo lawo linali liwu limodzi: chizungulire, cha masabata asanu.

M'buku lawo lakuchipatala munali maulendo atatu m'masabata amenewo, kuzipatala ziwiri zosiyana. Ulendo woyamba anayezedwa malungo, sanapezeke, n'kubwerera ndi panado ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ulendo wachiwiri BP inapezeka 158/94, ndipo anayambitsidwa hydrochlorothiazide wa 25 mg m'mawa uliwonse. Ulendo wachitatu anapatsidwa promethazine wa 25 mg, m'mawa ndi madzulo. Mankhwala otsirizawa anachepetsako nseru, koma ankawawodzeretsa masana, mpaka tsiku lina akudzuka pamoto anadzandira n'kupsa ndi phala padzanja lamanzere. Kumudzi abale anali atayamba kusonkha ndalama zoti apite nawo kukajambulitsa mutu mumzinda, ndipo ena anali atayamba kunong'ona kuti pali dzanja la munthu.

Pamasamba onse atatu panalembedwa kuti wodwala ali ndi chizungulire, basi. Palibe pamene panalembedwa kuti chimabwera akutani, chimatha patapita nthawi yotani, ndipo chimabwera ndi chiyani china. Matenda amene anali nawo, otchedwa BPPV (benign paroxysmal positional vertigo, chizungulire cha kanthawi kochepa chochokera m'khutu lam'kati, chobwera mutu ukasintha malo), amadziwika ndi mafunso atatu amenewa, munthu asanagwiridwe n'komwe.

Kufunsa

Liwu loti chizungulire timaligwiritsa ntchito pa zinthu zosiyana kwambiri. Wina akalitchula akunena kuti zinthu zikuzungulira iye ali chiimire kapena chigonere. Wina akunena mdima umene umagwa m'maso akadzuka msanga, ngati akomoka, ndipo apa m'pamene timaganizira magazi ochepa, kutha kwa madzi m'thupi, BP yotsika kapena mtima. Wina mutu uli bwinobwino koma miyendo ndiyo ikudzandira. Winanso amangomva mutu kupepuka chifukwa cha njala, nkhawa kapena mankhwala. Wopima akalandira liwulo osalisenda, amapereka mankhwala a chizungulire cha munthu wina.

"Amayi, chikabwera, chimene chimazungulira ndi inuyo kapena ndi nyumba?"

"Ndi nyumba, adokotala. Denga limathamanga, ine n'kugwira mphasa kuti ndisagwe, chonsecho ndagona kale pansi."

Atafunsidwa kuti chimatenga nthawi yaitali bwanji, anayankha kuti tsiku lonse. Yankho limeneli limasocheretsa anthu ambiri opima, chifukwa wodwala amaphatikiza kuzungulira kwenikweni ndi nseru, mantha ndi kufooka kumene kumatsalira pambuyo pake. Funso linabwerezedwa mwa njira ina: kuchokera pamene denga layamba kuthamanga mpaka pamene laima, munthu angadzaze ndowa pamjigo? "Ayi, singafike ngakhale theka. Ndikangokhala phee, laima. Koma mtima umakhala ukuchita nseru mpaka dzuwa litakwera." Ndiye kuti kuzungulirako sikufika mphindi imodzi.

Zochiputa anazitchula okha mmodzimmodzi: kugona pansi madzulo, kutembenukira kumanja usiku, kudzuka m'mawa, kuyang'ana kumwamba poyanika zovala kapena potapa chimanga m'nkhokwe, ndi kuweramira pouzira moto. Kudzuka pampando mutu uli chilili sikunkawavuta. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa munthu wa BP yotsika amavutika podzuka koma sachita chizungulire potembenuka ali chigonere. Kumanzere ankatembenukira popanda vuto, moti masabata atatu otsiriza ankagonera kumanzere kokha.

Mwana wawo ndiye anakumbutsa za ngozi. Masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo mayiwa anagwa pa kabaza pochokera kumsika, n'kumenyetsa nkhongo pansi. Sanakomoke, sanatuluke magazi, anangogona masiku awiri kunyumba. Chizungulire chinayamba patapita pafupifupi sabata. Iwo sanaone kugwirizana kwa ziwirizi ndipo kuzipatala zam'mbuyo sanazitchule.

Makutu akumva monga kale, salira, satuluka mafinya. Mutu suwawa. Saona zinthu ziwiriziwiri, lilime silinalemerepo, satsamwa pomeza, palibe dzanzi kumaso kapena m'manja. Sanalandirepo jakisoni wa gentamicin kapena streptomycin, amene amatha kuononga khutu lam'kati, ndipo sanamwe kwinini posachedwa. Samwa mowa. Sali pa ma ARV.

Kupima

Kutentha kwa thupi kunali 36.7, mtima ukugunda ka 78 pa mphindi mosadumphadumpha. BP atagona inali 138/84, ataimirira mphindi imodzi 124/78, pa mphindi zitatu 126/80. Kutsika kumeneku sikunafike pa 20 pa nambala yam'mwamba kapena 10 pa yam'munsi, pamene timati BP ikugwa poimirira, ndipo iwo sanaone mdima m'maso. Hb, yomwe ndi mlingo wa magazi m'thupi, inali 12.4, shuga 5.6 mmol/L, malungo palibe. M'makutu monse muwiri munali moyera, nembanemba zake zili zabwino, ndipo mawu onong'ona anawamva mbali zonse.

Ali chikhalire, maso anali bata ndipo ankatsatira chala mbali zonse popanda kudumpha. Nkhope sinapotoke, mphamvu m'manja ndi m'miyendo zinali zofanana. Anakhudza mphuno yawo ndi chala cha wopima mobwerezabwereza osaphonya, anatsetsereka chidendene pamsongolo mowongoka, anaima mapazi ali pamodzi maso otseka osagwa. Khosi linkapotoka ndi kupindikira kumbuyo popanda ululu, chinthu choyenera kutsimikiza musanachite chotsatirachi.

Kupima kumene kunatulutsa matendawa kumatchedwa Dix-Hallpike, potengera Margaret Dix ndi Charles Hallpike amene anakufotokoza ku London mu 1952. Sikufuna makina. Kumafuna bedi, kuwala kokwanira, beseni pafupi, ndi wodwala amene wauzidwa zoona. Mayiwa anauzidwa kuti chizungulire chibwera, mwina mwamphamvu, kuti sagwa chifukwa agwiridwa, kuti chitha chokha, ndipo kuti asatseke maso zivute zitani. Duku linavulidwa chifukwa mfundo yake yakunkhongo imalepheretsa kugwira mutu bwino. Mwana wawo anaima kumiyendo atagwira chitenje. Bedi likakhala logundana ndi khoma, likokeni kuti mutu uthe kulendewera kumapeto kwake. Ngati silisunthika, ikani pilo pansi pa mapewa, osati pansi pa mutu, kuti mutu ugwere kumbuyo.

Wodwala amakhala pabedi miyendo atatambasula. Mumagwira mutu ndi manja awiri, kuupotozera mbali imodzi madigiri 45, kenako kumugoneka chagada mwachangu, m'masekondi awiri kapena atatu, mpaka mutu utatsika madigiri 20 mpaka 30 kupitirira mzere wa bedi, uli chipotokere. Ndiye mumayang'ana maso.

Tinayamba ndi kumanzere, mbali imene sinkawavuta, kuti ayambe aona mmene zichitikire mtima uli pansi. Kwa masekondi 45 panalibe kanthu. Atapuma, tinapotozera kumanja. Masekondi asanu oyamba panalibenso kanthu, ndipo iwo anayamba kunena kuti zili bwino. Asanamalize anakuwa, "Mayo ine, ndagwa!" n'kugwira dzanja la wopima mwamphamvu. Anatseka maso, ndipo panafunika kukweza chikope ndi chala. Maso onse awiri ankadumphira kumphumi uku akupotoka, mbali yake yam'mwamba ikukankhira ku khutu lamanja lomwe linali pansi. Kupotokaku kumaoneka bwino mukayang'ana timitsempha tofiira tapambali pa diso m'malo moyang'ana pakati. Kudumphako kunakula, kunachepa, n'kutheratu patapita masekondi pafupifupi 20. Atadzutsidwa n'kukhala tsonga, maso anadumphanso pang'ono mobwerera, ndipo anasanza kamodzi.

Anthu ambiri amaphonya matendawa pa masekondi oyamba aja. Amagoneka wodwala, kuona maso ali bata, n'kumudzutsa. Dikirani masekondi osachepera 30 mbali iliyonse. Enanso amagoneka wodwala pang'onopang'ono pomumvera chisoni, kapena amalola mutu kuwongoka potsika, ndipo zotsatira zake zimakhala zabodza.

Chimene chikuchitika m'khutu

Kuti munthu adziwe kumene kuli kumwamba ndi ngati akuyenda kapena waima, ubongo umamvera mboni zitatu: maso, timitsempha ta m'minofu ndi m'mfundo makamaka ta kumapazi ndi m'khosi, ndi khutu lam'kati. Uthenga wa mboni zimenezi umakumana patsinde pa ubongo ndi mu cerebellum, kaubongo kakunkhongo. Zikagwirizana, munthu samva kanthu. Chizungulire ndi chimene timamva mboni imodzi ikatsutsana ndi zinzake.

Khutu lam'kati lili m'fupa lolimba kuseri kwa nembanemba ya khutu, ndipo lonse lingakwane pansonga ya chala. Mbali ina ndi yomvera mawu. Mbali inayo ili ndi timatumba tiwiri, utricle ndi saccule, komanso timipaipi titatu topindika ngati zigwinjiri, kena kakutsogolo, kena kakumbuyo, kena kopingasa, toikidwa mopingasana ngati makoma awiri ndi pansi pakona ya nyumba. Timipaipiti ndi topyapyala, m'kati mwake simufika theka la milimita, ndipo ndi todzadza ndi madzi. Kumapeto kwa kalikonse kuli kachitseko kofewa ngati utomoni, kotchedwa cupula, komwe kamatseka njira yonse ndipo kamera pa timaselo ta ubweya. Mutu ukatembenuka, madzi amatsalira m'mbuyo pang'ono, monga amachitira madzi m'beseni mukalipotoza, n'kukankha kachitsekoko. Ubweya ukapindika, uthenga umapita ku ubongo kuti mutu watembenukira uku, mwa liwiro ili. Kachitsekoka kamalemera mofanana ndi madzi okazungulira, n'chifukwa chake mutu ukapendekeka n'kukhala bata sikamva kanthu. Mowa umasokoneza kufanana kumeneku polowa m'kachitseko msanga kuposa m'madzi, ndipo n'chifukwa chake woledzera akagona denga limamuzungulira.

Timatumba tiwiri tija timagwira ntchito ina. M'kati mwake muli timiyala ta laimu tosaoneka ndi maso, totchedwa otoconia, tomatidwa pamwamba pa ubweya. Timiyalati timalemera kuposa madzi, choncho timakokedwa kupita pansi nthawi zonse, ndipo ndi timene timauza ubongo kumene kuli pansi. Ukalamba, kumenyetsa mutu, kugona nthawi yaitali osadzuka kapena kutupa kwa khutu lam'kati kungathe kusomola tina mwa timiyalati. Tikasomoka mu utricle timagwera m'kapaipi kamene kali m'munsi kwambiri munthu akagona chagada, komwe ndi kakumbuyo. Odwala asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi mwa khumi alionse a matendawa vuto lawo limakhala m'kapaipi kameneka.

Zonse zimene mayiwa ananena ndi zimene maso awo anaonetsa zikuchokera pamenepa. Mutu ukakhala bata, timiyala timakhala pansi pa kapaipi, osavuta. Akagona n'kutembenukira kumanja, kapaipi kamapendekeka, timiyala timayamba kutsetsereka n'kukoka madzi, madziwo n'kupinda kachitseko. Pamatenga masekondi angapo kuti tiyambe kuyenda, ndiko kuchedwa kuja. Tikafika pamalo atsopano otsika timaima, kachitseko kamabwerera, ndipo chizungulire chimatha mphindi isanakwane. Akadzuka timabwerera kumene tinachokera, maso n'kudumpha mobwerera. Pa nthawi yonseyi khutu lamanja likunena kuti mutu ukugubuduka, pamene khutu lamanzere, msana ndi mphasa zikunena kuti munthu wagona phee.

Maso amadumpha chifukwa amalumikizidwa ndi timipaipiti mwachindunji. Mutu ukapita kumanja, maso amapita kumanzere mofanana, kuti chimene ukuyang'ana chisachoke pamalo. Gwirani nyuzipepala patsogolo panu n'kupukusa mutu mwachangu: muwerengabe. Sungani mutu bata n'kugwedeza nyuzipepalayo mwa liwiro lomwelo: zilembo zisokonekera. Khutu limatumiza maso msanga kuposa mmene maso angadzitumire okha. Tsono khutu likanama kuti mutu ukuzungulira, maso amamvera, amatsetsereka kutsatira ulendo umene kulibe, n'kudumpha kubwerera, n'kutsetserekanso. Kudumpha kumeneku ndi nystagmus. Chithunzi cha denga chimayendadi m'kati mwa diso, ndiye wodwala akamati denga likuthamanga akunena zimene akuonadi. Popeza kapaipi kalikonse kamakoka minofu yakeyake ya diso, kumene maso akudumphira kumatiuza kapaipi ndi khutu limene lili ndi vuto.

Matendawa amatchedwa BPPV. Robert Bárány, amene analandira mphoto ya Nobel ya 1914 chifukwa cha ntchito yake pa khutu lam'kati, anawafotokoza mu 1921. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50, ndipo amayi kuposa abambo. Mwa mayiwa tinapeza BPPV ya kapaipi kakumbuyo ka khutu lamanja, yoyamba pambuyo pomenyetsa mutu.

Kubweza timiyala

Mankhwala ake ndi manja. Njira imene tinagwiritsa ntchito ndi ya John Epley wa ku Portland ku America, amene anaisindikiza mu 1992. Kwa mayiwa ndi mwana wawo tinaifotokoza ndi tayala la njinga: kamwala kakalowa m'tayala, sumakatulutsa poligwedeza, umaligubuduza pang'onopang'ono mbali imodzi mpaka kamwalako katafika pamene pali poboola. Kapaipi kakumbuyo kali ndi khomo limodzi lotseguka, lobwerera mu utricle, ndipo ntchito yonse ndi kuyendetsa timiyala mpaka pakhomo limenelo.

Kwa khutu lamanja, poyambira ndi pomwe paja pa Dix-Hallpike: mutu madigiri 45 kumanja, chagada, mutu uli cholendewera. Mumadikira mpaka maso atakhazikika, n'kuwonjezera masekondi 30. Kenako mumapotoza mutu madigiri 90 kupita kumanzere, osaukweza, kuti ukhale madigiri 45 kumanzere, n'kudikiranso masekondi 30 mpaka 60. Kenako wodwala amagubudukira paphewa lamanzere inu mukupitiriza kupotoza mutu madigiri ena 90, mpaka mphuno italoza pansi cham'mbali. Apanso masekondi 30 mpaka 60. Pomaliza amatsitsa miyendo kumanzere kwa bedi n'kukhala tsonga, mutu ukadali chopotokera kumanzere, kenako mumauwongola chibwano chitatsika pang'ono. Musamusiye akangokhala. Ena amamva ngati akukankhidwa mwadzidzidzi timiyala tikamagwera mu utricle, ndipo akhoza kugwa pabedi. Gwirani mapewa kwa mphindi yathunthu.

Ulendo woyamba sizinatheke. Pogubudukira paphewa, mayiwa anachita mantha n'kudzutsa mutu kuti aone mwana wawo, ndipo maso anadumpha mobwerera, kuloza kuchibwano. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti timiyala tabwerera kumene tinachokera. Zikamayenda bwino, maso akadumpha pa sitepe yachiwiri kapena yachitatu amadumphira komwe kuja anadumphira poyamba, kusonyeza kuti timiyala tikupitabe kutsogolo. Kukweza mutu pakati pa ulendo ndiko kulakwitsa kofala kwambiri, ndipo kawirikawiri kumachitika chifukwa wopima ali yekha, manja ake ali pamutu, palibe wothandiza kugubuduza chiuno. Atapuma mphindi khumi, tinabwereza mwana wawo ataima kumanzere kwa bedi kumene mayi ake akayang'ane, dzanja limodzi paphewa, lina pachiuno, akuwalankhula. Ulendo uno mutu sunakwere. Patapita mphindi 15 Dix-Hallpike sanaonetse kanthu mbali zonse ziwiri.

Tsiku lachitatu

Anabweranso asanafike pa tsiku limene anapatsidwa, ali okhumudwa. Chizungulire chinabwerera usiku wachiwiri, champhamvu kuposa kale, tsopano potembenukira mbali zonse ziwiri, ndipo anasanza katatu. Mwana wawo anafunsa mosabisa ngati kutembenuza kuja sikunawonjeze matenda.

Funsolo linali loyenera, ndipo yankho lake ndi lakuti inde, mwa njira ina. Khomo la kapaipi kopingasa lili pafupi ndi pamene timiyala timatulukira, ndipo mwa odwala ochepa timalowa mmenemo m'malo mokhazikika mu utricle. Izi ziyenera kunenedwa kwa wodwala tsiku loyamba lomwelo, kuti zikachitika abwerere kuchipatala m'malo motaya mtima.

Kupima ubongo ndi mitsempha kunabwerezedwa konse ndipo kunali bwino. Pa Dix-Hallpike maso sanapotoke monga kale, ankadumpha chopingasa. Apa pamafunika kupima kwina. Wodwala amagona chagada, mutu utakwezedwa madigiri 30 ndi pilo, kuti kapaipi kopingasa kaime chilili. Mumapotoza mutu msanga madigiri 90 kumbali imodzi, kuyang'ana maso, kubwerera pakati mpaka akhazikike, kenako mbali inayo. Kumanja, maso anadumphira ku khutu lamanja nthawi yomweyo, mwamphamvu, kwa masekondi pafupifupi 40. Kumanzere anadumphira ku khutu lamanzere, koma mofooka. Maso akamadumphira ku khutu limene lili pansi mbali zonse ziwiri, timiyala tili tosamatirira m'kapaipi kopingasa, ndipo khutu lodwala ndi la mbali imene kudumpha kwakula. Kubwereza Epley pamenepa sikukanathandiza, chifukwa Epley amayendetsa kapaipi kena.

Tinagwiritsa ntchito njira ya Lempert, yomwe ndi kutembenuza munthu monga timatembenuzira chimanga chowotcha pamakala, kuchoka ku khutu lodwala kupita ku labwino. Anayamba atagona khutu lamanja lili pansi, kenako nkhope kumwamba, kenako khutu lamanzere pansi, kenako chafufumimba atatsamira zigongono chibwano chili chotsika, malo alionse masekondi 30 mpaka 60, kenako n'kudzuka. Popeza anali atasanza kwambiri, anamwa piritsi limodzi la promethazine theka la ola tisanayambe, ndipo ntchito ya mankhwalawa pa matenda amenewa imathera pomwepo. Tinazungulira kawiri. Usiku umenewo anauzidwa kugonera kumanzere.

Za mankhwala ndi za kujambula

Promethazine wa tsiku ndi tsiku anaimitsidwa tsiku loyamba limene tinawaona. Mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi prochlorperazine, cinnarizine ndi diazepam, sasuntha kamwala ngakhale kamodzi. Amagonetsa mbali ya ubongo imene imamvera khutu, ndipo chizungulire cha masekondi 20 sichifuna munthu wogonetsedwa maola 24. Kwa munthu wachikulire amabweretsa kuwodzera ndi kugwa, ndipo amachedwetsa ubongo kuzoloweranso. Bala la padzanja la mayiwa linachokera pamenepo. Mapiritsi owonjezera magazi anaimitsidwanso, poti Hb inali pamwamba pa 12. Koma BP sitinaitaye: pa maulendo otsatira inkapezeka yokwererapo, choncho hydrochlorothiazide anapitirira ndipo analembetsedwa ku kiliniki ya BP. Anali ndi matenda awiri, ndipo amene anapezeka poyamba si amene ankazunguza denga.

Panali chinthu chimodzi chimene chinatisunga tcheru. Munthu wa zaka 62 amene anamenyetsa mutu masabata asanu ndi limodzi apitawo, n'kumawodzera masana, akhoza kukhala ndi magazi amene akudontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza n'kumapanikiza ubongo. Mwana wawo anauzidwa kuti kuwodzerako kukapitirira masiku awiri ataleka promethazine, kapena pakabwera mutu wowawa, kusokonezeka maganizo kapena kufooka mbali imodzi, abwere nawo tsiku lomwelo kuti atumizidwe kuchipatala chachikulu. Pa tsiku lachitatu kuwodzera kunali kutatha, ndipo ankayankha mafunso mwa changu. Kupatula pa chifukwa chimenecho, kujambula mutu sikukanaonetsa kanthu. Timiyalati sitioneka pa CT, makina ojambulira m'mutu, ndipo ndalama zimene abale ankasonkha zikanathera pa ulendo wosabweza yankho.

Si chizungulire chilichonse chobwera potembenuza mutu chimene chili BPPV, ndipo apa wopima asamale. Munthu wa sitiroko ya kunkhongo nayenso amati chizungulire chimakula akagwedeza mutu, koma chake sichitha akakhala bata. Amene ali ndi chizungulire chosalekeza kwa maola kapena masiku, maso akudumpha ali chikhalire, sayenera kuchitidwa Dix-Hallpike kapena Epley. Ameneyo angakhale ndi kutupa kwa mtsempha wa khutu kapena sitiroko, ndipo ngati akulephera kukhala kapena kuima yekha, akuona ziwiriziwiri, lilime lalemera, akutsamwa, wagontha khutu mwadzidzidzi kapena mutu ukuwawa kunkhongo, atumizidwe msanga. Pa Dix-Hallpike pomwepo, maso akadumphira kuchibwano osapotoka, kapena akapitiriza kudumpha osaleka wodwala asakumva chizungulire chenicheni, ganizirani za ubongo. Chimodzimodzinso amene mwamutembenuza bwinobwino maulendo awiri kapena atatu osasintha. Chizungulire cha mphindi 20 mpaka maola angapo, khutu likulira, likumveka lodzadza ndi kugontha, ndi cha matenda a Ménière. Ndipo amene ali ndi khosi lovulala kapena louma kwambiri asalendeweretsedwe mutu. Ameneyo amapimidwa pomugoneka cham'mbali, mphuno itapotozedwa madigiri 45 kuloza kumwamba.

Pambuyo pake

Patatha sabata, Dix-Hallpike ndi kupima kwa chagada kuja sizinaonetse kanthu. Denga linali litaleka kuthamanga, koma ankamvabe ngati akuyenda pa matiresi, makamaka madzulo kukamada. Zimenezi zimachitika kwa ambiri ndipo zimatha m'masiku kapena masabata ochepa. Ubongo umene wakhala masabata asanu usakukhulupirira khutu umayamba kudalira maso, ndipo kuwala kukachepa umasowa pogwira. Mankhwala ake ndi kuyenda ndi kugwedeza mutu, chinthu chimene mayiwa anali atasiyiratu. Anauzidwa kuyenda pabwalo kawiri pa tsiku kwa mphindi khumi uku akucheukira uku ndi uku, kuyang'anitsitsa chala chawo atatambasula dzanja n'kumapukusa mutu pang'onopang'ono kwa theka la mphindi, ndi kuyambanso kugonera mbali iliyonse. Kugona chokhala kapena kumanga khosi sikofunika. Kwa masabata awiri analetsedwa kukwera pankhokwe, kutunga pachitsime chosatchinga ali okha, ndi kuweramira pamoto popanda wina pafupi.

Anauzidwanso kuti matendawa amabwerera mwa anthu ambiri, nthawi zina patapita miyezi, nthawi zina zaka, ndipo akhoza kubwerera khutu lina. N'chifukwa chake sitinaphunzitse mwana wawo kuchita Epley kunyumba pa nthawi ino: mayiwa anali atasinthapo kale kapaipi, ndipo kutembenuza munthu usanadziwe khutu ndi kapaipi kumangomusanzitsa. M'malo mwake m'buku lawo munalembedwa dzina la matenda, khutu lamanja, timipaipi tonse tiwiri, kumene maso anadumphira ndi njira zimene zinathandiza, kuti aliyense wodzawaona ayambire pamenepo.

Pa sabata lachisanu ndi chimodzi anabwera okha pa minibasi. Bala la padzanja linali litapola, BP inali 136/82. Ataitanidwa kuchokera pakhomo anacheuka ndi khosi lokha. Anati ayambiranso kusenza ndowa kuchokera kumjigo, ndipo akugonera kumanja monga ankachitira kale. Kupima konse kuwiri kunabwerezedwa, mbali zonse, masekondi 45 pamalo alionse, ndipo maso anali bata.